Kasanda, Dinani Linki Yanga

LOLEMBA

Amalume aimba foni kuchokera ku Katete. Akubwera Loweruka, akubwerera Lolemba linalo, ndipo pobwerera akufuna kunyamula katundu mmodzi. Katunduyo ndine.

Akuti mwana wa mlongo wawo sangamangokhala m'Kabwe n'kumasisita foni tsiku lonse pomwe iwo munda wa mtedza ukuwakanika. Amayi akungoyankha kuti "inde alongo, inde alongo." Kwathu mawu a malume sagwa pansi.

Ine ku Katete ndinapitako ndili kumsana. Ndinabadwira muno m'Kasanda, komboni ya m'Kabwe, fumbi la mgodi ndiye kwathu. Khasu ndimalidziwa, koma sitinapatsanepo moni.

Atate, a Mbewe, anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka tsiku limene unatsekedwa, ndipo sakhulupirira ntchito iliyonse yomwe munthu amaweruka ali woyera. Komabe andichitira chifundo. Aweruza motere, amalume akumva pa foni: "Ngati pofika pa Sondo munthu mmodzi chabe agula kupitila mu foni yako iyo, ukhala. Ngati palibe, upita na amalume ako."

Munthu mmodzi! M'Kabwe monse muno! Ndatsala pang'ono kuseka.

Bizinesi yanga ndi iyi, ndilembe bwino kuti odzalemba mbiri yanga asadzavutike. Ku Lusaka kuli kasitolo kogulitsa nyali za sola pa intaneti. Ndinalembetsa, anandipatsa linki yangayanga, kamzere ka zilembo. Munthu akadina linkiyo n'kugula nyali, sitolo imadziwa kuti wabwera naye ndine, n'kundipatsa kanga. Komishoni! Sindinyamula katundu, sindisesa sitolo, sindituluka thukuta. Mkulu wa pa vidiyo amene anandiphunzitsa zimenezi amati ndalama zimalowa iwe uli m'tulo. Amanena atatsamira galimoto yoyera. Tulo ndiye ndili nato luso kale.

Zomwe ndidzachite zikayenda:
- ofesi m'tauni, ya makatani
- firiji ya Amayi, yoti izichita phokoso alendo akabwera
- boti pa damu la Mulungushi, ine nditagona chagada m'menemo, foni ikulira pachifuwa
- thirakitala ya amalume, kuti asadzandikumbukirenso

LACHIWIRI

Linki yapita! Gulu la anzanga a kusukulu, gulu la kwaya, gulu la achibale, ngakhale gulu la maliro ena amene tinaika kalekale koma palibe anatulukamo.

Mayankho:
- "Amen"
- kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba
- "ni zingati boss," chonsecho mtengo walembedwa pomwepo
- m'gulu la maliro andichotsa

Magetsi athima m'mawa. M'Kasanda monse anthu akudandaula, ine ndekha ndikumwetulira. Akathima magetsi, ndiye kuti anditsatsira malonda.

Atate akufuna kuona nyali. Ndawaonetsa pa foni.

"Iyi ni pikicha. Nyali ili kuti?"

Ndati ili ku Lusaka.

"Unaigwilapo?"

Ndati ayi, bizinesi ya masiku ano siifuna kugwira. Andiyang'ana momwe amayang'anira tayala la njinga likaphwa, atuluka.

Masana ndapeza katoni yopachikidwa pa geti. Atate akopera linki yanga yonse, chilembo ndi chilembo, timadontho ndi timizere tonse, ndi dzanja lawo lokongola lija la ku mishoni. Pansi alemba kuti DINANI APA. Iwo ali mbali iyo akupopa njinga. Ndachita manyazi, ndipo ndawakonda kwambiri. Sindikudziwa kuti chayamba ndi chiti.

Wogulitsa makala wina waima pa geti, wawerenga, wadina katoniyo ndi chala. Wadikira pang'ono. Wapita. Padakali chidindo chakuda.

Ogula: ziro. Koma lero ndi Lachiwiri chabe, ngakhale mbewu simera tsiku lomwelo. Taonani, ndayamba kale kuganiza ngati wa ku Katete. Ndisiye msanga.

LACHITATU

Tsiku lalikulu!

Lero kuli mphakati, Akatolika a mumsewu mwathu amakumana kupemphera pakhomo pa mmodzi wa iwo. Sabata ino ndi kwa Bana Mwila, Mubemba woyandikana nafe, wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, kumsika, mayi amene chibadwire sanagulepo chinthu pa mtengo woyamba. Amayi andipemphera mpata wolankhula pemphero lotsekera likatha. Ndavala jekete la Atate. Mapewa ake akutha pomwe mikono yanga ili pakati.

Ndalankhula, amwali inu! Sindimadziwa kuti ndili ndi mawu otere. Ndati dzuwa la Kabwe limatiwotcha ulele chaka chonse, nthawi yakwana yoti litilipire. Mayi wina wati "eya!" ngati ku ulaliki. Foni yayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akuyamba waipukuta ndi chitenje asanaone chithunzi.

Kenako madandaulo atuluka okha. Uyu kandulo inamuwotchera katani. Uyu ana ake amalemba homuweki atakhala pa mbaula. Uyu akuti kupita kuchimbudzi mumdima pa msinkhu wake ndi kuyesa Mulungu.

"Ichajinga na foni?" wafunsa mayi wina.

Imachaja!

"Awe, iyi ni nyali yeniyeni."

Ndafotokoza za linki pang'onopang'ono. Mudina apa, mulemba dzina, mulipira ndi foni, nyali ibwera pa basi. Mukapanda kudina apa, ine sindipeza kanthu. Onse agwedeza mitu bwinobwino, mofanana, ngati pomwe abambo mfumu amawerenga zolengeza.

Potuluka Bana Mwila andigwira phewa, kapena ndinene phewa la jekete. "Mwaice wandi, mwana iwe, osada nkhawa. Amai ako batiuza vonse. Iwe siuzapita ku munzi, ife tilipo."

Ndiye kuti msewu wonse ukudziwa za Katete. Ndikanakwiya, koma mtima uli myaa.

Pobwerera dzuwa likulowera kuseri kwa chiphiri chakuda chija cha zotaya za mgodi. Tinakula akutiletsa kusewerako, akuti fumbi lake lili ndi mtovu. Lero ndikuchiona chokongola. Pamwamba pake ndikuona chikwangwani chachikulu, nkhope yanga ndili chimwemwe, nyali m'manja, oyenda pa sitima akuloza pa windo. Pansi pake ofesi yanga. Mlembi akuti "bwana ali mu miting'i," chonsecho bwana ali pa boti.

Ndapunthwa pa mwala. Palibe waona.

LACHINAYI

Ogula: ziro.

Koma otsegula linki achuluka! Foni imaonetsa. Akulowa, akuyang'ana, akutuluka. Mkulu wa pa vidiyo amati anthu otere ndi ofunda, ungowasiya apse okha. Chabwino. Ndikudikira apse.

Zachilendo za lero:
- azimayi akulowa ndi kutuluka kwa Bana Mwila, aliyense wamanga kanthu pa nsonga ya chitenje
- ndikadutsa amasiya kulankhula n'kuyamba kundimwetulira
- Amayi akuimba posesa
- ndamva mawu oti chilimba

Chilimba ndi kusonkha kwawo kuja, mwezi uno atenga uyu, mwezi wamawa uyo. Ndamvetsa! Akusonkhetsa kaye kuti adine onse tsiku limodzi. Foni yanga idzalira ngati belu la Pasaka. Ndiyenera kuichaja mokwanira, ingadzakomoke.

Masana Amayi abwera ndi tiyi, chinthu chomwe sachita masana. "Mwana wanga, shopu ija ya manyali ili pati mu Lusaka?"

Ndasangalala kuti ayamba chidwi ndi bizinesi. Ndawaonetsa pansi pa tsamba pomwe alemba msewu ndi nyumba yake. Andiuza ndiwerenge mokweza, ndibwerezenso. Milomo yawo ikutsatira. Afunsanso ngati ndi pafupi ndi pomwe mabasi amaima. Ndati pafupi kwambiri. Amayi anga ali ndi mutu wa bizinesi, ndikatsegula ofesi ndidzawapatsa desiki.

Bandulo yatha madzulo. Ndayenda wapansi mpaka m'tauni, kuseri kwa mpanda wa loji ina komwe netiweki ya alendo imadontherako. Uyenera kuima chotsamira khoma, mkono m'mwamba. Ndapezapo anyamata ena ataima momwemo, tonse ngati tikulumbira kukhoti.

Ndili pompo ndayeseza zomwe ndidzayankhe pa wailesi. "Chinsinsi changa? Kuleza mtima, achimwene. Ndinayambira pa mpanda." Mlonda watithamangitsa ndisanafike pothokoza makolo.

LACHISANU

M'mamawa ndaona Bana Mwila akupita cha ku mabasi, atavala nsapato zawo za ku tchalitchi, zikwama zikuluzikulu zopanda kanthu zili kukhwapa. Ndafunsa Amayi ngati kwagwa maliro. Akuti, "Apita chabe ku ulendo." Kenako aseka okha m'khichini.

Ogula: ziro. Ndazimitsa foni, ndayatsanso. Ziro yemweyo, wozungulira bwino, wonenepa.

Sindingadalire azimayi okha. Ndabwereka njinga ya Atate, ulendo ku Natuseko kwa mnzanga wa kusukulu amene ndinamva kuti zake zikuyenda. Wandilandira ndi manja awiri. Wati wakhala akundifunafuna! Ndisanatulutse foni yanga, watulutsa yake.

Ali ndi linki. Akugulitsa tiyi wochepetsa thupi.

Ine thupi loti ndichepetse ndilitenga kuti? Ndikachepa pang'ono pokha, jekete liziyenda lokha.

Mphunzitsi wake ndi yemweyo, galimoto yoyera yomweyo. Takhala pa khonde, iye wadina yanga, ine ndadina yake, tayamikirana zithunzi. Wogula palibe. Mlongo wake watipatsa madzi, nayenso akuti akugulitsa mawigi, ngati ndikudziwa wina.

Kodi m'Kabwe muno watsala ndani wongogula?

Tayala laphwa pobwerera. Ndakankha njinga kuchokera ku Natuseko, dzuwa lili pamutu, lija ndinati litilipire. Ndafika kunyumba wotuwa mpaka nsidze. Atate andiyang'ana, kwa nthawi yoyamba sabata ino aoneka okhutira. Akuti tsopano ndikuoneka ngati munthu wochokera ku ntchito.

Kuseri kwa nyumba kuli kakhasu ka Amayi kolimira repu. Ndakanyamula, kungoyesa. Ndatema pansi kamodzi, kadumpha n'kundimenya pa msongolo.

Ndikuopa tsopano, ndilembe zoona. Sindikuopa ntchito yokha. Ndikuopa kukafika kwa anthu amene amanditcha wawo, ine osadziwa dzina la mtengo ngakhale umodzi, osadziwa popita dzuwa likalowa. Kuno ngakhale fumbi limandidziwa.

Ndayesa kuganiza za boti. Lero silikubwera.

LOWERUKA

Amalume afika ndi thumba la mtedza ndi nkhuku yomangidwa miyendo. Ine ndi nkhukuyo tayang'anana.

Atatha kupatsana moni ndi Atate, andiitana. Atenga manja anga, awatembenuza, asisita zikhatho. "Mphwanga, manja awa ndi a mwana wakhanda. Koma usadandaule, mwezi umodzi wokha akhala a munthu."

Ndati Lamulungu silinafike, amalume. Aseka mokoma mtima, zomwe zandiwawa kuposa akanakalipa.

Masana, nthungululu kumsewu!

Ndatuluka. Bana Mwila akubwera patsogolo ngati mkwati, kumbuyo kwawo wilibala yodzaza makatoni, azimayi a mphakati akuvina m'mbali. Aima pa geti pathu. Amayi akuwala nkhope, andikoka dzanja. "Ona, mwana wanga! Tinafuna kukudabwitsa!"

Makatoni a nyali. Nyali zanga. Zomwe zija za pa chithunzi. Ndi zazing'ono kuposa momwe ndimaganizira, ndipo ndi zokongola.

Ndayang'ana foni. Ziro.

Ndafunsa kuti mwagula bwanji.

"Awe mwaice, ivi va kudina-dina ni va kubelewa," atero Bana Mwila. "Ndalama za anthu siungaziponye mu foni monga mu chimbuzi. Tinasonkha chilimba, nakwela basi, nafika pa shopu penipeni. Nyali iliyonse nagwila, nayatsa, nazima. Uja mwamuna anafuna kunidulisa, ine nakhala pa mpando wake mpaka anachosako mtengo."

Nthungululu zina.

Ndati nanga linki?

"Linki yako tinaipeleka na pakamwa! Ninamuuza ati, ba bosi, mulembe: tatumiwa na mwana wa ba Mbewe wa ku Kasanda, mutali-mutali, wamene aimba besi mu kwaya."

Ndati iye anati chiyani?

"Anati okei."

Atate agwedeza mutu, akuti ndi momwemo. Ku mgodi ukatchula dzina la munthu kwa kapitawo, zinkalembedwa. Amayi akuti dzina la munthu liposa kamzere ka zilembo, ndani angakane mwana wa a Mbewe?

Ndapita kuseri, ndaimbira sitolo. Wayankha mtsikana wa mawu okoma. Akuti inde, mayi uja akumukumbukira, sitolo yonse ikumukumbukira. Akuti dzina langa analimva ndithu. Koma pepani, kompyuta siimva maina, imawerenga odina okha.

Ndabwerera. Azimayi akugawana nyali, aliyense akundigwira chanza, wina wandipatsa chitumbuwa. Bana Mwila atenganso zina zapadera zokagulitsa pa benchi lawo kumsika, akuti ndawatsegula maso. Woyamba kuwagula ndi amalume. Akuti ku Katete ithandiza, makamaka tsopano pakhomo pakubwera munthu wina.

Sindinathe kuwauza Amayi pagulu. Ndawauza madzulo akutsuka mbale. Aima, mbale ili m'manja, madzi akudontha. "Ndiye kuti takupweteka ife?" Ndati ayi Amayi, mwandithandiza. Alira. Inenso pang'ono.

LAMULUNGU

Ku tchalitchi, pa zolengeza, wapampando wa mphakati wanditchula dzina. Akuti achinyamata atengere chitsanzo. Ndaimirira, anthu aomba m'manja. Ziro ali m'thumba mwanga.

Nkhuku ija tadya masana. Yanditsogolera.

Zolongedza:
- malaya olimba, ngati ndili nawo
- nsapato zomwe sindizimvera chisoni
- chaja
- chipewa, amalume akuti dzuwa la kumunda silidziwa kuti munthu anafika Giredi 12

Amalume atapita kukagona pang'ono, Atate andiitanira kuseri kwa nyumba. Ayang'ana uku ndi uku. Atulutsa kafoni kawo kamabatani. Akuti potuluka m'tchalitchi anapita pa kabuthi kaja ka pa kona, anaika ndalama m'kafonimo. Atate! Munthu amene amati ndalama yosaoneka ndi mphekesera!

"Ninakamba kuti munthu mmodzi," atero, osandiyang'ana. "Sininakambe kuti ndani. Nionetse podina."

Ndawapatsa foni yanga, ndawalozera. Chala chawo ndi chachikulu, cholimba, chong'aluka kunsonga. Adina, foni siikumva. Adinanso mwamphamvu ngati akupha nsikidzi. Ndati pang'onopang'ono, Atate, mungokhudza. Akhudza.

Tsamba latseguka. Chithunzi cha nyali chilipo, koma chatuwa. Pamwamba pake pali zilembo zofiira.

"Ati chani?"

Ndawawerengera. Katundu watha. Wina abwera m'tsogolo.

Bana Mwila anasesa sitolo yonse.

Atate akhala pa njerwa. Ndinaganiza kuti aseka, kapena akalipa. Angoti, "Mau ninapeleka kale kwa amalume ako." Ndati ndikudziwa. Sindinawapemphe kuti abweze, ndikuwadziwa, akanadwala.

Magetsi athima dzuwa litangolowa. Kenako windo la Bana Mwila layera. Kenako lotsatira, kenako lina, mpaka kumapeto kwa msewu. Ana atuluka kudzaona. Atate aima pa geti nthawi yaitali, akuti chitsekereni mgodi msewu uno sunawalepo chonchi. Ndayang'ana nawo. Ndi zokongola, ndivomere. Ine ndachita zimenezi, ndipo sindinapezepo kanthu.

Chikwama chatsekeka mosavuta. Amayi akukazinga mtedza wa paulendo, womwewo unachokera ku Katete dzulo, tibwerera limodzi.

Ndimati tatha, koma Atate andiitananso pa khonde. Akuti nyali zikadzabwera m'sitolo, iwo adzabwereka foni kwa Bana Mwila, adzadina. Akuti mwina pamenepo amalume adzamva, adzandilola kubwerera. "Manje niphunzitse bwino-bwino, ningazaiwale. Iwe siuzakhalapo."

Ndiye takhala. Ndagwira chala chawo, tikuyeseza. Apa, Atate. Kenako apa. Osakanikiza. Tsamba likutseguka, zilembo zofiira zikubwera, iwo akuti tiyambirenso.

Basi inyamuka m'mawa.